Za ulandilodi: mmene mungayendetsere nyumba za lendi kuyambira pa puloti mpaka tenanti atatuluka

Anthu ambiri akapeza kandalama, kaya ndi ka penshoni kaya ka ku Joni kaya soya wayenda bwino chaka chimenecho, maganizo oyamba amakhala oti ndimange nyumba za lendi ndizingodya nditakhala. Maganizowo si oipa, mmene kwacha ikugweramu bola ndalama ikhale mu simenti kusiyana ndi kuigoneka mu akaunti. Koma zoti mudzangodya mutakhalazo iwalani. Ulandilodi ndi bizinesi, ndipo ndalama zambiri zimatayika tenanti asanalowe nkomwe mnyumbamo, zimatayikira pa malo, pa mita ndi pa pepala limene munachita ulesi kulemba. Nde tiyeni tiyende nazo chimodzichimodzi.

1. Masamu kaye, musanagule olo thumba limodzi la simenti

Tengani kope muyende mdera limene mukufuna kumangalo, mufunse kuti ya chipinda ndi balaza ikupita pa zingati, ya zipinda ziwiri pa zingati, ya selufu ya mumpanda pa zingati. Musafunse ma ejenti okha chifukwa iwo yawo ndi komishoni, mtengo amaukoka dala. Funsani amayi a tomato pamsika ndi anyamata a kabaza, amenewo amadziwa nyumba iliyonse imene yakhala yopanda munthu miyezi itatu komanso chimene anthu akuithawira.

Mukatero khalani pansi muwerengere. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti timvane, inu muikepo anu. Tinene kuti nyumba yakutherani K40 miliyoni kuphatikiza puloti, ndipo lendi yake ndi K250,000 pamwezi. Musawerengere miyezi 12, werengerani 10, chifukwa mwezi wina nyumba idzakhala yopanda munthu ndipo ndalama ya mwezi wina idzathera penti, pulambala ndi za kukhonsolo. Nde ndi K2.5 miliyoni pachaka, kutanthauza kuti ndalama yanu idzabwerera pakatha zaka 16. Pa K100 iliyonse imene mwamangira mukupeza K6 ndi kakuti pachaka. Tsono mu 2024 Reserve Bank inaika policy rate, chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki, pa 26 peresenti, ndipo ngongole za mmabanki zimayendera momwemo, nde muone nokha ngati lendi ingabweze ngongole yotero. Siingabweze. Amene amamanga ndi ngongole ya kubanki amakhala ndi salale kapena bizinesi ina yobwezera, apo ayi banki imadzagulitsa nyumbayo. Katapila nde tisamutchule nkomwe. Bola kumanga pang'onopang'ono, banki mkhonde ikagawa mwagula malata, SACCO ikakupatsani kangachepe mwaika mawindo, choncho.

Phindu lenileni la nyumba lili poti lendi imakwera ndipo mtengo wa nyumbayo umakweranso, koma limenelo ndi phindu la munthu wodekha.

Pamtundu wa nyumba ine maganizo anga ndi awa: ndi ndalama zomwezo bola zitseko zinayi zazing'ono kusiyana ndi chinyumba chimodzi. Chinyumba cha ku Area 43, Area 47, Namiwawa kapena Nyambadwe chimadikira mabungwe ndi mabwana, chikapeza munthu ndalama yake ndi yokoma koma chikasowa munthu chimatha miyezi muli zii, inu mukulipira mlonda. Pamene mdadada kapena timasemi (nyumba ziwiri zogawana khoma) ta zipinda ziwiri ku Area 25, Area 36, Area 49, Machinjiri, Chirimba, Bangwe kapena Luwinga, mmodzi akatuluka atatu akulipirabe. Vuto lake ndi loti matenanti anayi ndi milandu inayi, walira mvula walira matope.

2. Malo. Apa ndi pamene anthu amalirira kwambiri

Funso loyamba musanaone nkomwe kukongola kwa puloti ndi loti malowa mwini wake weniweni ndani. Mtauni malo ambiri ali mmanja mwa unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing, ndipo munthu amene akukugulitsaniyo nthawi zambiri amakhala ndi lizi chabe, zambiri zimakhala za zaka 99. Kunja kwa tauni, kumene anthu akuthamangira masiku ano ngati Chigwirizano, Likuni, Lunzu, Mpemba ndi Chileka, ambiri ndi malo a mafumu. Malamulo a za malo anasintha mu 2016 ndipo anawakonzanso mu 2022, nde musayendere zimene ankachita malume anu kalekale, pitani ku Lands, ofesi ya za malo, mukafunse mmene zikuyendera panopa.

Chochita ndi ichi. Wogulitsa akupatseni nambala ya puloti ndi fotokope ya mapepala ake komanso ya chitupa chake cha unzika. Inuyo nokha, osatuma munthu, mupite ku ofesi imene inapereka malowo mukachite search, muone ngati dzina lili mmabuku ndi lomwelo, ngati palibe banki imene inagwira malowo ngati chikole, komanso ngati palibe ngongole ya ground rent (yolipira pa lizi) kapena city rates (msonkho wa kukhonsolo), chifukwa ngongole zimenezi zimatsata puloti, wogulitsa akazimiririka zimakhala zanu. Wogulitsa akayamba zoti mapepala ali kwa achimwene ku Mangochi koma perekani kaye theka kuli wina akufuna mawa, nyamukani. Changu pa malo chimakhala cha wakuba.

Malo a masiye muchenjere nawo kawiri. Bambo amwalira, mwana mmodzi wachangamuka akugulitsa abale ake osadziwa, inu mwamanga mpaka pa lintala kenako kukubwera alongo ake ndi loya. Funsani ngati pali chikalata cha kukhoti chopatsa munthuyo mphamvu yoyendetsa chuma cha masiyecho, ndipo mayi wamasiye ndi ana onse akuluakulu asaine. Chimodzimodzi bambo wogulitsa malo mkazi wake osadziwa, muuzeni abwere nawo mayi.

Ngati ndi kwa mafumu, kalata ya amfumu a mmudzi yokha siikwanira, ifike kwa gulupu ndi kwa a T/A, ndipo oyandikana nawo malire mbali zonse akhalepo tsiku loloza malire. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yachilendo, ndipo amene amayamba kudziwa ndi aneba. Mukagula itanani saveya aike mabikoni osonyeza malire, yambani zosintha umwini nthawi yomweyo, ndipo musausiye malowo tchire zaka, ikani olo fawundeshoni kapena kanyumba ka mlonda.

China, malo kawaoneni nthawi ya mvula, Januwale kapena Febuluwale. Puloti ya mudambo mu Okutobala imaoneka bwino zedi, youma gwa, yotchipanso. Anthu a mmbali mwa Lingadzi ku Mtandire amadziwa chimene madzi amachita, ndipo zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe ndi mmunsi mwa phiri la Soche tonse tinaziona. Mphepete mwa mtsinje, motsetsereka mwa phiri, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, mmalire a msewu, konseko ayi olo atakutsitsirani bwanji. Muonenso ngati galimoto ingafike pageti kukagwa mvula, komanso mtunda wochoka pa siteji ya minibasi, chifukwa tenanti amawerengera lendi kuphatikiza thiransipoti.

3. Mangani nyumba ya tenanti, osati ya maloto anu

Ngati muli mumzinda, pulani ipite kukhonsolo ikavomerezedwe musanakumbe. Ambiri amadumpha apa poti pali kolipira, koma nyumba yopanda chilolezo ikhoza kugwetsedwa ndipo banki kapena wogula wozindikira sadzaiyang'ana kawiri.

Pomanga ikani ndalama pa zinthu zovuta kukonza munthu atalowa kale: fawundeshoni, pulasitiki ya pansi yoletsa chinyezi, mankhwala a chiswe musanathire silabu, mapaipi, waya wa magetsi ndi denga. Malata opyapyala kwambiri mudzawasintha msanga, ndipo matabwa a denga apakidwe mankhwala. Koma zokongoletsa musataye nazo ndalama. Matailosi akhale wamba amtundu wopezeka paliponse ndipo musunge makatoni awiri, chifukwa likasweka limodzi mtundu womwewo simudzaupezanso. Penti ikhale mtundu umodzi nyumba zonse, ndipo kukhitchini, kubafa ndi mmunsi mwa makoma ikhale yotsukika. Zitseko zakunja zikhale zachitsulo, mawindo akhale ndi mabagala, poti munthu wofuna nyumba amayamba kuona chitetezo asanaone silingi. Mipopi ndi maloko gulani zolimba, zotchipa zija mudzagula katatu.

Kumbukiraninso kuti ambiri amaphikira makala olo nyumba ikhale ya magetsi, nde muwaikire kakhonde kapena kakhitchini kapanja, apo ayi mbaula ilowa mnyumba silingi ide bii, osanenanso za ngozi ya utsi. Chingwe choyanikira zovala aliyense chake, ndikunenetsa, ndewu zambiri za pa mdadada zimayambira pa chingwe ndi pa tsache.

Amisiri muziwalipira pa gawo, fawundeshoni ikatha, pa windo, pa bimu, denga, pulasitala. Osapereka ndalama yonse patsogolo, ndipo simenti muziwerenga matumba opanda kanthu madzulo.

4. Mita aliyense yake

Ngati pali chinthu chimodzi choti mutengepo pa zonsezi ndi ichi. Mita imodzi ya magetsi pa mabanja anayi ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Wina ali ndi hotipuleti, wina ali ndi filiji yogulitsira mafilizesi, wina ndi mbeta imene imangotchaja foni, nde mukuti onse asonkhe mofanana? Mayunitsi akatha 9 koloko usiku foni imalira ndi yanu. Lembetsani ku ESCOM mita ya prepaid ya khomo lililonse, ndipo yambani msanga nyumba isanathe chifukwa kulumikiza kumatenga nthawi. Waya akuikireni ndi munthu wa chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, osati mnyamata wa pa kona amene amati amadziwa magetsi. Ngati mita zambiri sizikutheka panopa, ikani ma sub-meter, timamita toonetsa magetsi amene banja lagwiritsa, khomo lililonse, muziwerenga pamaso pa onse tsiku limodzi pamwezi. Ndipo muuze tenanti aliyense poyera kuti zolumikiza magetsi mwachinyengo pa puloti panu ayi, chifukwa zikagwidwa dzina lili pa mita ndi lanu.

Madzi chimodzimodzi. Kaya muli pansi pa Lilongwe Water Board kaya Blantyre Water Board kaya ma bodi a mzigawo, akaunti ikakhala ya bilu ya pamwezi ngongole imatsalira pa puloti. Tenanti amatha kukhala miyezi osalipira, nkusamuka, inu nkudzadziwa tsiku limene abwera kudzadula. Kumene kuli mita za prepaid tengani zimenezo. Kumene kulibe, pamodzi ndi lendi muzifuna kuona lisiti ya madzi mwezi ndi mwezi. Ngati mpopi ndi umodzi wa onse, gawani bilu powerenga mitu ya anthu pakhomo, osati zitseko.

Chimbudzi musachitenge mopepuka. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu opitirira 1,700 mdziko muno, ndipo malo othithikana anthu ndi amene matendawa amakonda. Mabanja sikisi pa chimbudzi chimodzi si zoona abale. Sepitiki thanki ndi sokawe zikhale zazikulu molingana ndi anthu, zikhale poti galimoto yopopa ingafike, ndipo zitalikirane ndi chitsime. Olo nyumba ikhale ya selufu kumbani chokumba chimodzi panja, madzi akasiya mudzandithokoza.

5. Kusankha munthu wolowa

Kulengeza sikuvuta masiku ano, chikwangwani pageti, magulu a WhatsApp ndi Facebook, kutchalitchi kapena kumzikiti, kuntchito. Mukafuna ejenti gwirizanani poyamba kuti komishoni yake ndi zingati ndipo alipira ndani, komanso asalandire lendi kapena dipoziti mmalo mwanu. Alipo ena amatolera ndalama kwa anthu atatu pa nyumba imodzi nkuzimitsa foni, anthuwo amabwera pageti panu ndi katundu pa lole.

Munthu akabwera musathamangire poti wagwira ndalama ya miyezi itatu mmanja. Miyezi itatu imatha, funso ndi loti mwezi wachinayi adzaitenga kuti. Chezani naye. Amagwira kuti ntchito kapena geni yake ndi yanji, amalandira liti, akhala anthu angati mnyumbamo, akuchoka kuti ndipo akuchokeranji. Pemphani nambala ya landilodi wake wakale muimbe, ndipo ngati akuzembazemba pamenepa mwadziwa kale. Munthu wofuna kulowa lero lomwe usiku, katundu ali kale pa ngolo, kawirikawiri kumene akuchokako wathawa. Tengani fotokope ya chitupa cha unzika, nambala ya wachibale mmodzi ndi ya kuntchito kwake. Ndipo onani ngati lendiyo ikugwirizana ndi mapezedwe ake, munthu amene theka la malipiro ake lizithera nyumba adzakuvutani olo akhale wopemphera bwanji.

Ana a sukulu ndi msika wina pawokha, ku Chikanda ku Zomba, kufupi ndi MUBAS, ku Bunda kapena ku Luwinga kufupi ndi Mzuni. Kumeneko amalipira pa bedi ndipo ndalama imaoneka yambiri, koma mugwirizane za nthawi ya holide poyambirira, ndipo mudziwe kuti zokonza zimachuluka.

Tsono za achibale. Ine ndimati ayi. Mphwanu kapena mlamu wanu akalephera kulipira simungamutulutse osayambana ndi mtundu wonse, nkhani imafika mpaka kumudzi kuti mwalemera mwayamba kunyada. Ngati mukufuna kumuthandiza muthandizeni ndi ndalama akachite lendi kwina. Mukamuika mnyumba mwanu muwerengere kuti nyumbayo mwapereka.

6. Pepala

Olo ndi kachipinda kamodzi ka K30,000, lembani. Siziteteza inu nokha, zimatetezanso tenanti, ndipo munthu wabwino sakana kusaina. Pa nyumba zikuluzikulu kapena ngati wolowa ndi kampani pitani kwa loya. Pa zing'onozing'ono tsamba limodzi kapena awiri mChichewa chomveka bwino akwanira, muli maina ndi manambala a zitupa, nyumba yake iti, lendi zingati, tsiku lolipira ndi masiku angati owonjezera ngati malipiro achedwa, dipoziti zingati ndipo ndi ya chiyani, notisi ya nthawi yaitali bwanji mbali zonse ziwiri, lendi idzaunikidwa liti, madzi magetsi ndi zinyalala alipira ndani. Mulembenso zoti sangalowetse munthu wina mmalo mwake kapena kubwereketsa chipinda osakuuzani, sangagumule kapena kusintha kalikonse, komanso ngati mukulola bizinesi, ziweto kapena kulima pabwalo. Za zokonza gawani momveka: denga, mapaipi a mkhoma, sepitiki ndi waya ndi zanu, mababu, magalasi osweka, makiyi otayika ndi sinki yotsekeka ndi nsima ndi zake.

Lendi ilembedwe mu kwacha. Kutchaja mu dola pa malonda a mdziko momwe muno ndi koletsedwa, olo nyumba yanu ikhale ya ku Area 10.

Musaine nonse pamaso pa mboni ziwiri, aliyense atenge kope yake. Tsiku lopereka makiyi yendani limodzi chipinda ndi chipinda mukujambula pafoni makoma, mawindo, mipopi, masoketi, chimbudzi ndi manambala a pa mita, kenako mutumizirane zithunzizo pa WhatsApp kuti deti lioneke. Pa dipoziti nenani mobwereza kuti si lendi ya mwezi womaliza, chifukwa pafupifupi aliyense akapereka notisi amati mungodula pa dipoziti paja. Inunso musaidye dipozitiyo, isungeni padera, si yanu.

7. Katoleredwe

Zoyenda khomo ndi khomo pa 30 kugogoda ndi zakale, ndipo ndi zimene zimabweretsa kunyozana. Apatseni akaunti ya kubanki kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mugwirizane kuti ya chotapira alipira ndani. Ndalama ikalowa lembani lisiti, buku la malisiti ndi lotchipa. Mukhale ndi kope kapena ka Excel kolemba khomo lililonse, mwezi, zimene walipira ndi zotsala. Munthu akapereka theka lembani kuti theka ndipo lotsalalo abweretsa liti. Ngati nkotheka lendi ikhale ndi akaunti yakeyake yosasakaniza ndi ya ndiwo, ndipo mwezi uliwonse muzisiyamo kachigawo ka zokonza.

Ngati mukukhala pa puloti pomwepo, apa ndilankhule ndi amayi ndi abambo a landilodi amene timawadziwa tonse: tenanti si mwana wanu. Zowerenga alendo ake, zosuzumira mumphika kuti akudya nyama koma lendi sanalipire, zotseka geti 8 koloko, zotuma ana ake, zimenezo zimathamangitsa anthu olipira bwino nkukusiyirani amene alibe kolowera. Mukafuna kuyendera mnyumba muuzeni dzulo lake.

8. Akasiya kulipira

Zidzachitika ndithu, nde mukhale ndi ndondomeko musanapse mtima. Tsiku likadutsa mukumbutseni ndi meseji yaulemu. Pakatha sabata khalani naye pansi mumve vuto. Pali kusiyana pakati pa munthu amene wakhala akulipira bwino zaka ziwiri koma malipiro achedwa kapena kwagwa maliro, ndi munthu amene mwezi uliwonse ali ndi nthano yatsopano. Woyambayo mupatseni mpata, mulembe pepala la mmene abwezere pang'onopang'ono, asaine. Wachiwiriyo musalole ngongole idutse miyezi iwiri, chifukwa ikafika inayi sangathenso kuilipira ndipo chotsatira ndi kusamuka usiku. Mupatseni notisi yolemba molingana ndi agirimenti, asainire kuti walandira kapena pakhale mboni. Mmadera ambiri amfumu kapena a bulokolida amathandiza kukhalira pakati nkhani zotere ndipo zambiri zimathera pomwepo.

Akakanirira, njira ndi ya kukhoti. Kumeneko mpamene agirimenti, malisiti ndi manotisi aja amagwira ntchito, ndipo khoti likagamula otulutsa munthu ndi masherifu, osati inu ndi anyamata anu. Ndikudziwa kuti mmakwalalamu anthu amazula chitseko, kusasula malata, kudula madzi, kukhoma loko wina pamwamba kapena kutaya katundu panja mvula ikugwa. Musachite. Mlandu umatembenuka, amene munali wodandaula mumasanduka woyankha, tenanti amatha kunena kuti mnyumbamo munali ndalama ndi laputopu zasowa, nde mulipira zoposa ngongole ija. Kulanda TV kapena firiji ngati chikole mwa inu nokha nakonso kungakuikeni mmavuto, funsani loya kaye.

Pena nzeru ndi kungomuuza kuti tulukani pofika pa 30 ngongole ya mwezi umodzi ndakukhululukirani. Zimawawa koma mukawerengera miyezi imene mungataye mukuthamanga ndi mlandu, mupeza kuti mwapulumutsa.

9. Zokonza, kukweza lendi ndi msonkho

Denga, ngalande ndi sokawe muziyendera mu Seputembala kapena Okutobala mvula isanayambe. Tenanti akanena kuti pakudontha pitani sabata yomweyo, kadontho kamene mukanatseka ndi ndalama yochepa kamagwetsa silingi yonse, komanso munthu amene mwamunyalanyaza amapeza chifukwa chochedwetsera lendi. Mukhale ndi pulambala mmodzi ndi wa magetsi mmodzi owadalira. Ngati tenanti akufuna kukonza yekha kuti adule pa lendi, agwirizane nanu kaye mtengo ndipo abweretse malisiti.

Kukweza lendi kuzichitika kamodzi pachaka, ndi kalata, mwezi umodzi kapena itatu isanafike nthawi molingana ndi zimene munalemba. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zipangizo zomangira zinakwera koopsa, ndipo eni nyumba ambiri anafuna kubwezera zonse pa tenanti kamodzinkamodzi, kuiwala kuti malipiro a tenantiyo sanakwere choncho. Bola kukweza pang'ono chaka chilichonse kusiyana ndi kukhala zaka zitatu chete kenako nkuwirikiza kawiri. Ndipo munthu wolipira pa nthawi yake, wosamala nyumba, musamuthamangitse chifukwa cha K20,000, mwezi umodzi wopanda munthu kuphatikiza penti zidya zonse zimene mumafuna kuwonjezerazo.

Ndalama ya lendi imadulidwa msonkho, nde mukhale ndi TPIN, nambala yanu yolipirira msonkho, ku MRA ndipo musunge malisiti a zonse zimene mwakonzera nyumba. Ngati wolowa ndi kampani, bungwe kapena boma, iwo amadula kaye gawo la msonkho pa lendiyo, lotchedwa withholding tax, nkukapereka ku MRA, inu muzitenga satifiketi yake nthawi zonse chifukwa ndi umboni woti munalipira kale gawo limenelo. City rates ndi ground rent muzilipira chaka ndi chaka zisaunjikane. Nyumba ikakhala ya ndalama zambiri funsaninso za inshulansi ya moto.

10. Kwa amene muli kunja

Abale a ku Joni, ku UK ndi kwina, nkhani zotumiza ndalama zaka zisanu nkudzapeza fawundeshoni yokha mwazimva. Mapepala a malo akhale mdzina lanu, osati la mchimwene wanu. Wogula zipangizo akhale wina, woyang'anira ntchito wina, ndipo muzifuna vidiyo kolo ali pa sayiti pomwepo, chifukwa pa zithunzi anthu amajambula nyumba ya eni. Nyumba ikatha lendi izilowa mu akaunti yanu mwachindunji, ndipo woyang'anirayo muzimulipira kangachepe kodziwika pamwezi, wogwira ulele amadzilipira yekha. Nyumba zikachuluka pezani kampani yolembetsedwa yoyang'anira nyumba, imadula peresenti yake koma mumalandira lipoti.

11. Tsiku lotuluka

Notisi ikaperekedwa yambani kulengeza nthawi yomweyo, ndipo mugwirizane ndi wotulukayo masiku amene anthu angabwere kudzaona. Tsiku lotuluka katundu akachoka yendani limodzi ndi zithunzi zija mmanja. Kusuluka kwa penti ndi kutha kwa zinthu chifukwa chokhalitsa ndi zanu, musamudule. Galasi losweka, chitseko chothyoka, sinki yong'aluka ndi bilu ya madzi yotsala ndi zake, mudule pa dipoziti momuonetsa mitengo, chotsalacho mumubwezere mkati mwa masiku amene munalemba. Werengani mita, landirani makiyi onse, ndipo loko wa chitseko chakunja musinthe tsiku lomwelo chifukwa simudziwa kuti makiyi anadulitsa angati. Kenako poperani mankhwala a nsikidzi ndi mphemvu nyumba ili yopanda kanthu, pakani penti, konzani mipopi yodontha, mujambulenso zithunzi zatsopano zoti mudzayendere ndi amene akubwerayo.